Nkhadze za Mkamwini

Pasiteji ya basi ku Nathenje, bambo wina anakhalira chikwama chake, khasu lili pambali. Mayi amene anali naye pamzere anamuyang'ana.

"Khasu m'basi, bambo? Ulendo wa kuti?"

"Kwathu ku Mitundu, mayi. Andichotsa kuchikamwini."

"Mowa?"

"Nkhadze. Ndinadzala mpanda kuzungulira nyumba chaka cha riferendamu. Apongozi ankangokhala pakhonde pawo n'kumaona zonse, ngakhale ndikamapita kubafa. Ndinati matipate abwera, nanenso ndikhaleko ndi ufulu."

"Inu mkamwini, kudzala mpanda pamalo a eni? Atsibweni a akazi anu munawauza?"

"Poyamba ankangoseka timitengoto. Titakula, akuti lero nkhadze, mawa ndidzati malo ndi anga."

"Sananame. Mkamwini amadzala chimanga, chotha ndi chaka."

"Zaka zisanu ndi zinayi ndikuwalimira fodya, mayi! Chilungamo chake n'chiti?"

"Ndiye mpandawo azula?"

"Ayi. Akuti ngwabwino, mbuzi sizikulowa."

"Unagwira ndithu?"

"Kwambiri. M'mawa uno ndinaima pamsewu kuti ndiwaoneko ana anga komaliza. Ndangomva mawu awo."