Fakitale ya Mkamwini

Ku Kalembo kuli chikwangwani cholonjeza kuti aliyense wochokera kunja kwa boma la Balaka akadzatsegula fakitale adzapatsidwa malo aulere ndi zaka zisanu zosalipira msonkho. Chakhalapo zaka zitatu, koma obwera kudzachiona ndi mbuzi zofuna mthunzi basi. Che Akimu, kalaliki wa kaofesi kolandira alendo a mafakitalewo, amenenso ndi mwinimbumba kwawo, ataona kuti mabwana ayamba kufunsa chifukwa chake sikunabwere fakitale, anaika pa mndandanda wa malo opatsa alendo malo a m'mbali mwa msewu pomwe pali chigayo cha mlamu wawo, Che Uladi. Che Uladi atakana pamsonkhano wa banja Loweruka, Che Akimu anawauza pagulu kuti mkamwini ndi mlendo, alibe mawu pa nthaka ya mbumba, achotse chigayo. Zinawapweteka kwambiri. Lolemba m'mawa anavala jekete ya pa Idi n'kukagogoda ku ofesi kuja.

"Odi!"

"Lowani, alamu. Koma ngati ndi za chigayo, zakunyumba n'zakunyumba. Pano ndi paofesi."

Che Uladi anacheuka kuyang'ana kumbuyo. "Alamuwo ndi ati? Ine ndikufuna bwana wolandira alendo. Ndabwera kudzatsegula fakitale."

"Aaa, musandichedwetse! Zimenezo n'za anthu ochokera kunja."

"Ndine amene. Tulutsani fomu."

Tsono Che Akimu ndi munthu woti fomu itanena kuti Balaka ili ku Karonga, akhoza kukwera basi kukaifuna komweko. Anatsegula kabati, nakutumula fumbi pa mulu wa mafomu osagwiritsidwapo ntchito, n'kuvala magalasi.

"Funso loyamba. Kwanu n'kuti?"

"Ku Chikweo, boma la Machinga. Ndinawoloka Shire pa Liwonde, ine, njinga ndi mphasa."

"Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri zapitazo!"

"Fomu ikufunsa chaka?"

Che Akimu anaiwerenga kutsogolo, naitembenuza, naiunika pawindo. "Iyayi, sikufunsa."

"Ndiye chongani."

Che Akimu anachonga.

"Lachiwiri. Fakitale yake ya chiyani?"

"Yosandutsa chimanga kukhala ufa."

"Chimenecho ndi chigayo, alamu!"

"Fomu ikuti fakitale n'chiyani?"

Kalaliki analondola ndi chala. "Ikuti ndi malo okhala ndi makina, pomwe chinthu chimalowa china n'kutuluka china."

"Eya. Kwa ine chimanga chimatuluka chili chimanga?"

"Magetsi akazima, inde. Dzana akazi anga anabwerera nacho."

"Ndiye muwalipiritse msonkho a magetsiwo. Chongani."

"Lachitatu. Kodi mudzalemba ntchito anthu akuno?"

"Ndinalemba kale awiri. A Rukiya ndi a Fadila."

"Iii! A Rukiya ndi mlongo wanga, akazi anu omwe!"

"Ndiye kuti ndi akuno. Mwachitira umboni nokha, bwana, zikomo."

Che Akimu anavula chisoti n'kupukuta thukuta, ngakhale kunja kunali kukuwomba chiperoni. Funso lachinayi analiwerenga motsitsa mawu, ngati munthu wowerenga kalata ya maliro: mlendo asankhe yekha malo mwa amene ofesi yakonza.

"Ndasankha a m'mbali mwa msewu aja," anatero Che Uladi akupinda mwendo pa unzake. "Pali polo ya magetsi pafupi. Koma ndamva kuti pali kamkamwini kena kouma mutu kakukana kuchokapo."

"Kamkamwiniko ndinu!"

"Ndiye sipavuta. Ndikambirana nako ndekha, timamvana."

"Mukufuna ndichotse inu kuti ndiikepo inu?"

"Simuchita kunyamula kanthu, bwana. Makina ali pomwepo."

Che Akimu anaika cholembera pansi, nasintha mawu kukhala a kunyumba. "Alamu, tisanamizane. Inu ndinu wakuno. Ana anu anabadwira kuno. Manda a amalume munakumba ndinu, mvula ikugwa. Chiphaso cha chigayo mwakhala mukudula kuno chaka ndi chaka, simunajombepo."

"Ndipo amene sajombayo mumam'patsa chiyani?"

"Lisiti."

"Nanga wosadziwika, woti sanagulepo ndi tomato yemwe pamsika pano?"

"Malo, zaka zisanu, ndi mbuzi ya phwando lomulandira."

"Ndiye mukudabwa kuti ndikufuna kukhala wosadziwika?"

"Koma ndinu wakuno, ndalumbira!"

Apa mtima wa Che Uladi unachita kuti myaa. Zaka zonsezi mawu amenewa sanawamvepo pakamwa pa munthu aliyense wa mbumba ija, ndipo misozi inatsala pang'ono kuwachititsa manyazi. Koma anakumbukira Loweruka, n'kuuma ngati chitsa.

"Walahi, mawu okoma. Alembeni, mudindepo chidindo."

"Mukatani nawo?"

"Ndikawawerenge pamsonkhano wa mbumba. Munthu wakuno ali ndi mawu pa nthaka, si choncho?"

Che Akimu anayang'ananso fomu ija. Akalemba kuti mlamu ndi wakuno, chigayo sichichoka, ndipo mwinimbumba ameza mawu ake pamaso pa alongo ake onse. Akalemba kuti ndi mlendo, chigayo sichichokabe, koma Lachisanu mabwana akabwera apeza fakitale imodzi m'buku lomwe lakhala loyera zaka zitatu. Anapumira mpweya pa chidindo chouma chija, n'kuchimenya pa fomu kuti phaa!

"Takulandirani ku Balaka, bwana," anatero ali chogwetsa nkhope.

"Zikomo. Kuno n'kokongola, anthu ake aulemu. Pansipo palembedwa chiyani?"

"Pakuti pa tsiku lolandira, kalaliki anyamule chikwama cha mlendo."

"Ndilibe chikwama. Mudzanyamula thumba la madeya."

Che Uladi anapinda fomu ija bwinobwino, naiika m'thumba la jekete, n'kulunjika kukhomo. Che Akimu anadzambatuka.

"Koma alamu, izi zithere momwe muno! Taganizani: wowotcherera zitsulo uja ndi mkamwini wa ku Ngokwe. Telala, mkamwini. Wokonza njinga, wopala matabwa, wofinya mafuta a mpendadzuwa, onsewo anadzakwatira kuno. Atamva zimenezi..."

Che Uladi anakankha chitseko. Pa benchi la pakhonde panali patakhala azibambo asanu ndi anayi, aliyense jekete ya pa Idi kapena ya Khirisimasi, wina atanyamula mutu wa makina osokera pamiyendo.

"Ngati onsewa ndi alendo," Che Akimu anafunsa, "nanga msonkho m'boma muno azilipira ndani?"

"Eni nthaka, alamu," anatero Che Uladi akukonza kolala. "Inu amene muli ndi mawu."