Ngolo Imene Ndinamana Mng'ono Wanga

Chaka chimene ndinagula ng'ombe zanga zoyamba ziwiri ndi ngolo ya matayala a galimoto, amayi anu akuseweretsabe zidole zadothi kuseri kwa nkhokwe, m'mudzi muno munalibe wina wangolo koma ine ndekha. Manja asaime, pitirizani kusoka fodyayo, ine ndikufuna makutu okha. Iwe Tadala, ndiwe unandifunsa pamaso pa anthu kuti agogo, bwanji mumatuluka m'tchalitchi pamodzi ndi ana mgonero ukamayamba, ndipo anzako anaseka n'kumati mwina ndimakasuta. Sindikasuta ayi. Lero ndikuyankha, ndipo ukamva usadzandifunsenso.

Ndinali ndi mng'ono wanga Eliya, yemwe tinamuika chaka chatha uja, bambo ake a Masiye. Ine sukulu ndinalekezera sitandade faifi, osati chifukwa cha umbuli, koma atsibweni athu anati mmodzi alime kuti wina aphunzire, ndipo wolimayo anali ine. Eliya anapita mpaka fomu thuu, n'kubwerako ndi Chingerezi ndi nsapato, ndipo pogawa minda atsibweni omwewo anam'patsa iye chigawo cha kudambo kumene nazale ya fodya siuma, ine n'kundiponyera kumtunda kumchenga. Ndinazisunga mumtima. Inu amasiku ano mukakwiya mumatukwanizana pafoni, mawa mwaiwala. Ife tinkasunga, ndipo tinkayesa kuti umenewo ndiye umuna.

Tsiku limene ndikunenali unali mwezi wothyola fodya, ngati uno. Mukudziwa nokha kuti tsamba likathyoledwa silidikira munthu. Ukalisiya pamulu limatentha n'kuyamba kuda, ndipo mvula ikalipeza kumunda ndiye wangolima manyowa. Tinali titathyola kuyambira mame asanaume, milu ili mbwee m'mizere, ndipo mitambo inali itayamba kuunjikana cha ku Chisemphere. Ndikukweza ulendo wachitatu, ndinangoona Eliya akudumpha mizere, wopanda nsapato zake zija.

"Achimwene, ngolo! Alamu anu zavuta. Azamba akuti mwana wagona mopingasa, tithamangire kuchipatala."

Nthawi imeneyo kunalibe njinga zamoto zimene mumangoziimbira foni zili pakhomo. Chipatala chinali mtunda woti ukanyamuka m'mawa wapansi ukafika dzuwa lili paliwombo, ndipo wodwala wolephera kuyenda ankadalira ngolo, basi. Ine ndinayang'ana mitambo, ndinayang'ana milu ija, kenako ndinamuyang'ana iye kumapazi, ndipo mumtima munandikomera kumuona wophunzira uja akundipempha. Ndinati, "Kwatsala maulendo awiri. Akazi akhala akubereka chiyambire dziko, wakoyo ndiye woyamba?"

"Achimwene, fodyayu ndidzakuthyolerani wa m'munda mwanga, yense ngati mufuna."

"Wa kudambo uja? Kadye wekha. Ndati maulendo awiri."

Anaima pang'ono, n'kutembenuka. Sanandinyoze, ndipo bwenzi zili bwino akanandinyoza. Anakamanga machira a nsungwi ndi ziguduli, amuna anayi n'kunyamula mlamu wanga Nabanda paphewa. Ine ndinatuta maulendo anga awiri aja onse, ndinatsitsa m'chigafa bwinobwino, ndipo ndisakunamizeni, ndinamwanso madzi ndisanawatsatire. Ndinawapeza asanafike n'theka la njira lomwe, pansi pa mtengo wa muwanga, amayi atazinga ndi zitenje, amuna ataima patali atagwira m'chiuno. Mwana anali atabadwa, akulira. Mayi wake magazi anali atam'thera. Ngolo imene inakana kunyamula wamoyo inanyamula mtembo, ndipo tinamugoneka pa zinyenyeswa za masamba, manja anga ali bii ndi phula la fodya. Mvula ija sinagwe n'komwe tsiku limenelo. Inapita kwina.

Mwana uja ndiye azakhali anu a Masiye. Tsopano mwadziwa kumene dzina lawo linachokera.

Ndinadikira kuti akulu ampingo andiitane. Kalelo mpingo unali wolusa, osati zamasiku ano zoti munthu akuvina ku mowa Loweruka, Lamulungu ali kutsogolo kwa kwaya. Wopezeka ndi chipanda cha mowa ankadulidwa, wotenga mkazi wachiwiri ankadulidwa, ndipo ukalapa unkakhala m'kalasi miyezi yako, ukamaliza abusa n'kukuimika pamaso pa anthu kuti uyu wabwerera, zatha. Ine ndinkafuna zimenezo. Ndinkafuna andidule, andiuze kuti chilango chako chiyambira apa, chidzathera apa. Koma palibe anabwera. Nditatopa ndinapita ndekha kwa mkulu wampingo wa dera lathu, ndipo iye anakanda m'mutu n'kunena kuti, "A Gidiyoni, kukaniza ngolo si mlandu umene timadulira munthu. Ngolo ndi yanu. Imfa ndi ya Mulungu." Mwamva? Woledzera anali ndi khomo lotulukira ndi lobwererapo, koma ine wopha munthu anandisiya pabenchi ndi jekete yanga ngati wolungama. Ndiye ndinadzidula ndekha. Kuyambira mgonero wotsatirawo ndinayamba kutuluka ndi ana, ndipo wodzidula yekha alibe wom'bwezera.

Abusa abwera ndi kupita pa mpingo uno, ndipo aliyense amafika pakhomo panga ndi nkhani yomweyo. Wa pano uyu, kamnyamata koti ndikanakabereka, anakhala pa mpando uwo n'kundiuza mosapsatira kuti, "Agogo, Yesu sanafere machimo ang'onoang'ono okha. Lanulo analisenza kale pamtanda. Mukamalimbikira kulinyamula nokha, ndiye kuti mukunena kuti imfa yake inachepa." Ndinamuyankha kuti abusa, inu munaziwerenga, ine ndinazinyamula pangolo. Koma atachoka mawu aja anatsala. Sinditsutsa ayi. Ndimakhulupirira kuti Mulungu amakhululuka, ndipo nditamva wina wa inu akunena kuti sakhululuka ndingam'menye ndi mkangala wopachikira fodya uwu. M'mutu zinalowa. Koma kuchoka m'mutu kufika pachifuwa apa, papita zaka zonsezi zisanafike.

Chimene chimandidya kwambiri si cha pansi pa muwanga chija chokha. Patapita zaka zingapo, mphepo inagwetsa chigafa changa fodya ali m'mikangala. M'mawa mwake ndikutola mapaso othyoka, ndinaona Eliya akubwera ndi milimo paphewa, mitengo yabwino yodula kudambo kwake. Anaitula, n'kuyamba kukumba dzenje. Kenako anati, "Achimwene, zija ndinazisiya kale m'manja mwa Ambuye. Ine ndilibe nanu kanthu. Gwirani uku tiimike."

Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinam'thamangitsa. Ndinati, "Wabwera kudzandionetsa kuti ndiwe woyera? Sukulu unatenga, dambo unatenga, tsopano ukufuna utengenso kumwamba pamsana panga? Nyamula mitengo yako." Akanabwera ndi nkhwangwa ndikanam'patsa khosi mosangalala, koma chikhululukiro chinandiwawa kuposa nkhwangwa, chifukwa wokhululukidwa alibe choti abweze, amangotambasula dzanja ngati wopempha, ndipo ine Gidiyoni sindinafune kupempha kanthu kwa Eliya. Mitengo anaisiya pomwepo. Inadyedwa ndi chiswe ndikuiona, sindinaikhudze.

Kuchokera apo tinkangopatsana moni wa pamaliro. Ndinkati ndidzapita tikakolola, tikakolola ndinkati tikagulitsa, tikagulitsa nazale yayamba. Chaka chatha atagwa ndi sitiroko ndinapita, inde, koma pakamwa pake panali patapotoka, mawu osatuluka. Ndinagwada pamphasa n'kunena kuti Eliya, mitengo ija ndailandira. Anandiyang'ana, diso limodzi likutuluka misozi, koma ankatero ndi aliyense wolowa m'nyumbamo, ndiye sindidziwa ngati anamva. Sindidzadziwa. Bokosi lake linakwera ngolo yanga, ndipo ulendo umenewo sindinachedwe ngakhale pang'ono. Ngolo yanga imafulumira pa akufa.

Dzana a Masiye anabwera kuno. Nkhani yonse amaidziwa, anawauza ndi amayi a m'mudzi ali mtsikana, koma sanasiyepo kunditcha bambo aakulu kapena kunditumizira chinangwa. Anatenga jekete yanga yakuda ija osandipempha, akuti akaichape, ndipo potuluka anati, "Bambo aakulu, Lamulungu kuli mgonero. Ine amayi sindinawaone, abambo apita. Mwatsala ndinu. Mukatulukanso ndi ana, ine ndidzatuluka nanu, tikakhale tonse padzuwa mpaka mudzatope." Ndinawakalipira kuti asandiopseze pakhomo panga. Anangoseka, kasekedwe kake ka Eliya.

Ndiye musandifunse ngati Lamulungu ndidzatsale m'tchalitchi. Sindikudziwa. Miyendo iyi inazolowera kuimirira yokha nyimbo ya mgonero ikangoyamba. Mwina Mulungu anandikhululukira tsiku lomwelo pansi pa muwanga, ndipo zaka zonsezi ndakhala m'ndende yosakhoma, ndikulondera ndekha chitseko. Ngati zili choncho, ndiye kuti moyo wanga ndinautaya pachabe kawiri, ndipo zimenezo n'zowawa kuposa kukanidwa.

Inu adzukulu anga, sindine munthu woti ndikuphunzitseni zabwino, koma ziwiri izi tengani. Munthu akadzabwera akuthamanga kudzapempha chimene chili m'manja mwanu, kaya ndi njinga, kaya ndi ngolo, khuthulani fodyayo pansi, aole, chaka chamawa mudzafesa wina. Ndipo amene munam'lakwira akadzabwera ndi mitengo paphewa, musadzafunse kuti ndiyenera kapena sindiyenera. Simudzayenera. Ingogwirani mbali imene wakuuzani, muimike, akadali ndi pakamwa ponena kuti zatha.

Iwe Tadala, tsiriza mkangala uwo, ukasambe phulalo m'manja, upite kwa azakhali ako. Ukawauze kuti jekete ija asaiiwale kusita. Usakawonjezere mawu ena ayi, za jekete zokhazo.