Khasu Lobwereka pa Msewu wa ku Boma

Chaka cha fuluwenza chija, boma litapingasa mtengo pamsewu wolowera ku Dedza, anthu anangounjikana pamenepo. Mayi wina wa kuseri kwa phiri, atabereka kumbuyo mwana wachilonda pamwendo, anasendera kwa nkhalamba yonyamula makasu awiri.

"Bambo, inu akulolani kudutsa. Mwawapatsa chiyani?"

"Palibe, mayi. Ndife adzukulu. Boma lati odutsa ndi okumba manda okha."

"Nanga odwala zilonda? Mwanayu amamutsuka kuchipatala Lolemba lililonse. Masabata atatu tsopano osatsukidwa, fungoli mukulimva nokha."

"Akuti zilonda zidikire mliri uthe."

"Chilonda chimamva za boma? Ndibwerekeni khasu limodzi."

"Aa! Munthu wamkazi kukumba manda? Munazionapo kuti?"

"Kwathu amuna anawatengera ku mtengatenga wa nkhondo, otsala ali chigonere. Mukuti wakumba mwezi uno ndani? Taonani manjawa."

"Mesinjala wolondera pamtengopo akafunsa za mwanayo?"

"Muziti ndilibe womusiyira. Mwanama pati?"

"Andimanga ine, mayi."

"Akakumangani, malirowo akwirira okha? Tengani nyemba izi, theka. Zinazo n'za wotsuka chilonda."

"Theka lokha?"

"Pa khasu lobunthali? Bambo, sankhani. Mundibwereke lero ndikatsukitse mwana, kapena mudzabwere nalo kwathu mudzamukumbire."

Nkhalambayo inatsitsa khasu paphewa.

"Gwirani. Koma podutsa apo muziyenda mwachisoni."

"Zachisonizo chitani ndinu, bambo. Ine ndikufulumira."