Chiguduli Chimene Ndinachapa

Moni amayi anzanga mwa Ambuye, a kuno ku Mkanda ndi ena nonse amene mudzamve kalatayi ikuwerengedwa pamsonkhano wathu wa Lachinayi. Ndikufuna ndikuuzeni momwe ndinatsala pang'ono kuthamangitsidwa pa esiteti chifukwa cha kagalu. Sekani, inenso lero ndimaseka, koma nthawi imeneyo nkhaniyi inandiwondetsa.

Ife kwathu ndi ku Phalombe. Tinabwera kuno ndi malemu amuna anga kudzalima fodya ngati matenanti, matipate atangoyamba kumene. Iwo atamwalira, akapitawo anandilola kukhalabe m'nyumba ija ndi kulima ndime yathu. Ana anga anali atakwatiwa kale, wina ku Chipata uko, moti ndinali ndekha. Nkhuku zitayamba kusowa m'khola, mnzawo wa malemu wa ku Kapondo anandibweretsera kagalu panjinga, atakakulunga m'chiguduli. Munali mu Juni, ndipo kuzizira kwa kuno mukukudziwa.

Tsono ine ndi munthu waukhondo. Mayi anga anandilera choncho, ankatichapitsa ndi mphasa zomwe. Chiguduli chija chinkanunkha galu zedi, ndiye ndinachichapa ndi sopo, kagalu nako n'kukasambitsa. Kenako ndinakamangirira kuchigafa, koyanikira fodya kuja, poti kwathu galu sagona m'nyumba.

Usiku umenewo kanalira mpaka atambala. Sikunali kuuwa ayi, kunali kulira kokoka kuja, kumene anthu amati galu waona maliro. Usiku wachiwiri chimodzimodzi, wachitatunso.

Vuto linali loti nyumba yoyandikana ndi yanga munali matenda. A Banda, tenanti mnzathu, anali atagona miyezi ingapo ndi chifuwa. Akazi awo, anaNkhoma, tinkabwerekana mchere ndi musi womwe, koma anasiya kuyankha moni wanga. Kuchitsime ndikafika, anthu ankangoti zii. Ndinamva kuti akuti mayi uja anayamba ndi mwamuna wake, tsopano wapeza galu woitanira imfa kwa anzake.

Lachitatu akapitawo anabwera. Anakana mpando, n'kunena ali chilili kuti, "Mayi, za malodzazo ine sindizidziwa, koma anthu akukana kugwira nanu ntchito. Likafika Loweruka galuyu asanasiye kulira, mudzalongedze."

Ndilongedze ndipite kuti? Kumudzi ndinalibe munda, ndipo manda a amuna anga ali konkuno. Ndinaganiza zobweza kagaluko ku Kapondo, koma ndinadziwa kuti adzati wabisa chizimba chake atagwidwa. Ndinakapatsa phala lofunda, kanadya n'kuyambiranso. Ndiulule pamaso panu, ndinakakwapulako ndi kamtengo, ndipo kanalira kuposa kale.

Usiku wa Lachitatu lomwelo ndinakakhala pafupi nako kuchigafa, nditafunda chitenje. Pemphero langa silinali lokongola. Ndinangoti Ambuye, munatseka pakamwa pa mikango, ndiye kagalu aka kakukanikeni? Ndikulira choncho, tochi inandiwalira kumaso.

Anali a Mbewe, mlonda wa pa esiteti. Bambowa ankakonda kachasu ndipo kutchalitchi sankapondako, moti ine moni ndinkawapatsa wapatali. Anagwada, n'kukanyamula kagalu kaja, n'kukalowetsa m'jekete. Pomwepo kanachepetsa kulira. Anandifunsa kuti kanabwera m'chiyani. Ndinawauza monyadira za chiguduli ndi sopo.

Anapukusa mutu. "Amayi, mwachapa fungo la amake. Aka n'kakhanda, kanazolowera kugona mounjikana ndi abale ake. Palibe maliro amene kaona, kakumva kuzizira ndipo kakufuna kwawo."

Anandiuza kuti chiguduli chibwerere ku Kapondo, make akagonepo usiku umodzi. Anatinso ndizitenthetsa njerwa pamoto, n'kuikulunga m'nsanza, n'kuika m'dengu pafupi ndi mphasa yanga kuti kazimva ndikupuma. Ndinakana kuti galu m'nyumba ayi, mayi anga akanakomoka. Iwo anati, "Ndiye sankhani, galu agone m'nyumba kapena inuyo mukagone panja."

Kutacha, osagona n'komwe, anapalasa njinga kupita ku Kapondo ndi chiguduli chija. Lachinayi usiku ndinayesa njerwa yokha. Kanalira pang'onopang'ono, ine n'kumakasisita pamsana, koma pakati pa usiku kanadzuka n'kukuwanso kawiri, ndipo ndinamva chitseko cha anaNkhoma chikutseguka. Apa n'kuti utatsala usiku umodzi wokha.

Lachisanu madzulo a Mbewe anabwera nacho chiguduli, chikununkha kuposa poyamba, ubweya uli mbuu. Ndinachiyala m'dengu pamwamba pa njerwa. Kagalu kananunkhiza, n'kuzungulira katatu, n'kulowetsa mphuno m'khwinya. Basi. Ine ndiye sindinagone, ndinachezera kumvetsera, mpaka nthawi zina kukagwira kuti ndione ngati kakupuma.

Loweruka akapitawo anabwera n'kufunsa ngati galu uja ndapha. Asanamalize, kagalu kaja kanatuluka m'nyumba n'kuwakoka thalauzi. Anaseka, n'kundiuza kuti Lolemba ndikapezeke kuntchito kunazale ya fodya. Galuyo ndinamutcha Alekeni, ndipo chiguduli chake sindinachichapenso mpaka chinatha chokha.

A Banda anakhalabe ndi moyo chaka china. Usiku umene anatisiya, Alekeni anali mtulo pakhonde, sanalire ngakhale kamodzi. M'mawa mwake anaNkhoma anabwera okha pakhomo panga, maso ali psuu, n'kuti, "Achemwali, mukatigwirire mphika wa ndiwo." Inu mukudziwa kuti munthu amene akumuganizira zoipa samulola kuphika pamaliro. Ndinamanga chitenje n'kupita.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la kuchigafa, n'kuliyankha kudzera mwa munthu amene ine ndinkamupeputsa. A Mbewe kachasu sanasiye, ndisakunamizeni, koma kuyambira pamenepo ndinkawapatsa moni nditagwada. Amayi anzanga, anthu akamakunenani zimene simunachite, musathamangire kulongedza. Pempherani, ndipo akabwera wokuthandizani mumumvere, ngakhale akununkha mowa, ngakhale akuuzeni kuti mugone ndi chiguduli cha galu kumutu. Ambuye akusungeni nonse. Ameni.