Disiki Imene a Che Amidu Anakana Kutaya

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wochokera kuno ku Thyolo, kumene mvula yatipeza tili pakalikiliki kuthyola tiyi. Ine ndine Fanuel, ndimasamalira makompyuta pa esiteti ina ya tiyi. Ndikufuna ndikuuzeni za masiku atatu amene zolembedwa zonse za esiteti yathu zinasowa zili m'manja mwanga, wolakwa ali ine ndemwe.

Kuti mundimvetse, ndiyambe ndi mmene timasungira zinthu. Chilichonse chochitika m'munda chimalembedwa: munda uti unapoperedwa mankhwala anji, tsiku liti, ndiponso masamba a mlimi uti analowa m'gulu liti la tiyi ku fakitale. Mafayilo amenewa sakhala pa kompyuta imodzi. Fayilo iliyonse imadulidwa tizidutswa, ndipo tizidutswato timamwazidwa m'makina asanu, ena ku ofesi, ena ku fakitale. Ndiye pali kompyuta ina yaikulu, imene timati seva, yosunga kaundula wonena kuti kachidutswa aka ndi ka fayilo yakuti, ndipo kali m'makina akuti. Kaundulayo akatayika, makina asanu aja amakhala ngati nyumba yodzaza matumba a tiyi amene wina wawang'amba zizindikiro. Katundu alipo yense, koma palibe angakuuze kuti ili ndi thumba lanji.

Lolemba masana kunagwa mvula yamphenzi. Ndinali ku fakitale pamene kunang'anima, magetsi n'kuthima. Atayaka, ndinathamangira ku ofesi, ndipo ndisanatsegule n'komwe chitseko cha chipinda cha makina ndinamva fungo la waya wopsa. Makina asanu aja anali bwinobwino. Yopsa inali seva ya kaundula yokhayo, pamodzi ndi madisiki ake onse awiri.

Lachinayi la sabata yomweyo kumabwera anthu odzayendera esiteti, aja amene amapereka satifiketi yoti tiyi wathu ndi woyenera kugulidwa kunja. Chimene amafuna kuona ndi zolembedwa zomwezo. Zikapanda kuoneka satifiketi imaimitsidwa, ndipo oyamba kumva kuwawa amakhala alimi ang'onoang'ono amene amatigulitsa masamba, chifukwa lole yokatenga masambawo imasiya kupita kwawo. Mmodzi mwa alimi amenewo ndi amayi anga, amene ali ndi kamunda ka tiyi ku Nsabwe.

Abwana athu, a Makwinja, analowa m'chipindamo jekete ili chinyowere. Anandifunsa modekha kuti, "A Fanuel, bakapu ili kuti?"

Apa ndi pamene ndiyenera kuulula. Tsiku lililonse seva ija imapanga kope la kaundula wake, ndiye bakapuyo, ndipo kopelo limayenera kupita pa disiki yapadera. Miyezi ingapo m'mbuyomo disiki yapaderayo inadzadza, ndiye ine ndi nzeru zanga ndinati kopelo lizipita kaye m'makina asanu omwe aja, kwa sabata imodzi yokha. Sabatayo inatha, ina inatha, ine n'kuiwaliratu. Ndinali nditakhoma nyumba, kiyi n'kumusiya patebulo m'kati.

"Ili m'kati momwemo, bwana," ndinayankha.

Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangondiyang'ana, n'kunena kuti Lachinayi m'mawa ndidzaimirire ndekha pamaso pa alendowo.

Lachiwiri ndinaimbira katswiri wina wa ku Blantyre amene ndinaphunzira naye. Atamva mmene madisikiwo apsera, anati mwina atawatumiza kunja kwa dziko, koma zimenezo ndi za milungu yambiri. Anandichenjeza kuti ndisayerekeze kukhudza makina asanu aja. Masana ake mnzanga wina wa mu ofesi anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti tingokhala pansi tilembe madeti a kupopera mankhwala kuchokera m'mutu, alendowo sangadziwe. Ndikuuzeni zoona abale, sindinamukanize nthawi yomweyo. Ine amene ndimatsogolera nyimbo ku tchalitchi ndinakhala pampando n'kumawerengera kuti bodzalo lingatenge maola angati.

Ndili m'maganizo amenewo, amayi anaimba foni. Mphekesera inali itafika kale ku Nsabwe. Anandifunsa kuti, "Mwanawe, akuti makina afa kumeneko. Lachisanu tithyole, kapena masamba adzangofota pamsewu?" Ndinawauza kuti athyole. Amayi anandiphunzitsa sukulu ndi manja omwewo othyolera tiyi, ndipo tsopano sukulu yangayo ndi imene imafuna kuwatsekera lole. Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo chibadwire.

Lachitatu m'mamawa, popita ku ntchito, ndinapatuka n'kulowa m'kanjira ka pakati pa mizere ya tiyi. Ndinagwada m'matope momwemo. Pemphero langa silinali lokongola. Ndinati, Ambuye, ndalakwa ndine, ndipo sindikupempha kuti mubise kulakwa kwanga. Bodza lija sindilemba. Ngati ntchito ithe, ithe, koma masamba a amayi ndi a anzawo asafote chifukwa cha ulesi wanga. Nditadzuka sindinamve mawu aliwonse, ndinangomva kuzizira kwa thalauza lonyowa m'mawondo.

Ndinaganiza zokatenga madisiki atsopano ku sitolo ya esiteti, kuti alendowo adzapeze ndayamba kukonza. Woyang'anira sitoloyo ndi a Che Amidu, bambo wachisilamu wa imvi, amene ine ndinkawaona ngati munga. Lamulo la pa esiteti ndi lakuti chatsopano sichituluka chakale chisanabwere, kaya ndi khasu, kaya ndi tayala, ndipo wobweza amasayina kapepala kotsimikiza kuti chinthucho chafa. Ena amakumvetsa ukakhala pachangu, koma osati a Che Amidu. Ndinkawajeda kwa anzanga kuti bambo ameneyu angakufunse mtembo wa babu asanakupatse lina.

Ndinaika madisiki opsa aja patebulo lawo mwaukali. Iwo anawatembenuza mosathamanga, anamata kapepala pa iliyonse, kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mwachita bwino kubwera, achimwene. Kuli katundu wanu kuno akundithera malo."

Ndinati ndilibe nthawi. Sanandimvere, analowa m'kati n'kutuluka ndi kabokosi. M'menemo munali disiki yokutidwa m'pulasitiki, pamwamba atalemba dzina langa.

Ndinaizindikira. Seva ya kaundula imayenda ndi madisiki awiri amapasa, chimene chalembedwa pa ina chimalembedwanso pa inzake. Milungu itatu m'mbuyomo imodzi inayamba kuchenjeza kuti yatopa, ndiye ndinaichotsa n'kuikapo yatsopano. Yakaleyo ndinaiponya patebulo la a Che Amidu n'kuthamangira ku fakitale osasayina. Ndinkadziwa kuti lole yotenga zitsulo zakutha inabwera sabata yathayo, choncho m'mutu mwanga disikiyo inali itapita kalekale.

"Anyamata a lole amafuna kuikweza," anatero a Che Amidu. "Ndinawakaniza. Inu simunasayine kuti yafa. Ine chinthu chimene mwini wake sananene kuti chafa sinditaya. Ndinakutumizirani uthenga kawiri, inu zii."

Pa disiki imeneyo panali kaundula yense, mmene analili milungu itatu yapitayo.

Ndinaikulunga mu juzi n'kuyenda nayo pang'onopang'ono mpaka ku ofesi, mvula ikuwaza. Nkhondo inali isanathe, chifukwa disikiyo inali yodwala ndipo ikanatha kufera m'manja mwanga. Ndinailumikiza ku kompyuta ina kuti ndikopere zonse kaye. Inayamba kuzungulira, kenako inayamba kulira kuti tche, tche, tche. Kukopera kunaima pakati. Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo, pakamwa pakungotuluka dzina la Yesu. Patapita kanthawi manambala anayambanso kuyenda. Zinachitika choncho kanayi, ndipo pofika masana kope linatha. Nditangomaliza, disiki ija inasiya kuzungulira, ndipo sinadzukenso.

Kopelo ndinaliika mu seva yatsopano, koma panali msampha wina. Makinawa ali ndi chizolowezi chosesa: akapeza tizidutswa timene kaundula sakutidziwa, amati ndi zinyalala n'kutifufuta. Kaundula wanga anali wakale, ndiye ntchito yonse ya milungu itatu ikanaoneka ngati zinyalala. Chala chinali kale pa batani loyatsira pamene ndinakumbukira zimenezi. Ndinabweza dzanja, ndinazimitsa kusesako, ndinaonanso katatu, kenako ndinayatsa seva yatsopano. A Makwinja anali ataima kumbuyo kwanga. Makina oyamba anayankha, achiwiri, mpaka achisanu. Kenako mayina a mafayilo anayamba kutsika pa sikirini, munda ndi munda, chaka ndi chaka. Ndinaona dzina la gulu la alimi a ku Nsabwe, ndipo ndinalira pamaso pa abwana osabisa nkhope.

Za milungu itatu imene kaundula wakaleyo analibe, akapitawo a m'minda anabwera ndi makope awo a m'thumba, ena onyowa, ndipo tinalowetsa zimene iwo analemba ndi manja awo pa tsiku lenilenilo. Lachinayi ndinaimirira pamaso pa alendo aja n'kuwauza zonse, ndi za kulakwa kwanga zomwe. Anafananiza makope a akapitawo ndi za m'kompyuta kwa maola ambiri. Satifiketi sinaimitsidwe. Ine ndinalandira kalata yondichenjeza, ndipo ndinailandira ndi manja awiri chifukwa inandiyenera. Lachisanu amayi anaimba kuti lole yafika.

Ndikuthokoza Mulungu amene anayankha pemphero langa milungu itatu ndisanalipemphere. Sanatume mngelo kapena katswiri wa ku Blantyre. Anadzera mwa munthu amene ndinkamunyoza, wopembedza kosiyana ndi ine, amene anangokhulupirika pa kantchito kake. Inu amene muli m'mavuto odzipalira nokha, ndipo mukuchita manyazi ngakhale kugwada, gwadanibe. Nenani zoona, bodza lisiyeni, ndipo musafulumire kunena kuti zafa Mwini wake asananene.

Lachisanu lomwelo, a Che Amidu atabwera kuchokera ku mzikiti, ndinapita ku sitolo ndi disiki ija. Ndinali nditakonza mawu ambiri opepesa ndi othokoza. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anatsegula dirowa n'kutulutsa kapepala kaja.

"Tsopano yafa?"

"Yafa, bambo."

"Sayinani apa."

Ndinasayina. Ambuye alemekezeke. Amen.