Anakana Klatchi ya Lole Yaing'ono

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1948 ku Mandimba, m'dziko la Mozambique. Dzina lawo ndi bambo Simioni Carlos. Ine ndine mlamu wawo. Sukulu analekeza kalasi yachinayi, kenako anaphunzira umakaniko ku Cuamba. Mu 1972 anakwatira mlongo wanga, mayi Esime.

Mu 1987 anathawa nkhondo, nalowera pa Chiponde atasenza bokosi la masipanala. Anapeza ntchito pa galaja ya bwana wina pa boma la Mangochi. Malole a bwanayo ankanyamula chimanga cha othawa nkhondo.

Mu Juni 1990 klatchi ya lole ya matani khumi inatha. Bwanayo anagula ya lole yaing'ono, poti mabawuti ankalowa bwinobwino. Malemu anakana kumanga. Anati klatchi timasankha poona katundu ndi msewu, ndipo yamasipuling'i ofewa ngati imeneyo ingakwanire lole yonyamula usipa m'mbali mwa nyanja, osati yokwera chitunda cha ku Namwera itadzaza. Anachotsedwa ntchito m'mawa womwewo, wina n'kumanga.

Patapita masiku anayi klatchiyo inapsa pachitunda. Lole inabwerera chambuyo n'kugubuduka, ndipo dalaivala, bambo Atumani, anafera pomwepo. Bwanayo anafalitsa kuti anamanga ndi Mmozambiki uja. Ambiri munakhulupirira, ena mwakhala pansi pompano. Wothawa nkhondo akanakadandaula kwa yani?

Magalaja onse anawakana. Anasamukira kuno ku Lungwena n'kumamata machubu a njinga, munthu wodziwa injini ngati chikhatho chake. Zinkawawawa, ifenso zikutiwawabe. Koma sanapepese kwa aliyense, ndipo ife sitipepesa lero. Tikunena maliro ali apa: a Carlos sanamange klatchi imene ija.

Anayamba kudwala chifuwa mu Januwale chaka chino cha 1993, ndipo atisiya dzulo, pa 17 Ogasiti.

Asiya mkazi ndi ana atatu, Rosa, Dinala ndi Blackson. Ana inu, dzina la bambo anu muzilitchula mokweza.

Tikuthokoza adzukulu okumba manda, amayi a mpingo, ndi asodzi amene anatibwereka ngalawa yopitira kuchipatala. Koposa onse tikuthokoza mayi Halima, mkazi wa malemu a Atumani. Iwo ndi amene anali ndi chifukwa chodana nafe, koma abwera wapansi atasenza nkhuni, ndipo akhala pafupi ndi mlongo wanga.

Alamu, munachita bwino kukana. Mzimu wanu uuse mumtendere.