Mkamwini wa Kutsidya kwa Msewu

— Halo? Halo? Ndifuna ba Josephine, a taipi.

— Ndine. Ba Bonaventure? Mukumveka ngati muli m'mgolo!

— Ndi mawaya a kuno ku Rufunsa. Muli bwanji, mayi?

— Ndili bwino, kaya inu?

— Bwino kwambiri. Ku Matero onse ali bwino? Mwendo wa amayi uja?

— Wayamba kuponda. Koma inu mukali ku Rufunsa? Sukulu yanu ku Petauke itsegula Mande!

— Ndidzafika, malole ndi ambiri, lifiti sivuta. Koma nzeru yanu ija yakuti ndisagone ku resitihausi, ndigone kwa ba anti anu pa Chinyunyu, ee! Sindinatulutseko ngwee olo imodzi.

— Anakulandirani bwino? Ine mtima unali m'mwamba. Ndiwo anandilera aja. Akakukanani, za ukwati tiiwale.

— Kundikana? Nditangoti odi, ndine mkamwini wanu wochokera ku Lusaka, nthungululu! Tambala anafa pompo. M'mawa ndimakasamba ku kasupe wa madzi otentha, pobwera ndipeza tiyi wa mkaka.

— Nanga katundu munapereka?

— Zonse. Shuga, saladi wophikira, sopo.

— Saladi ameneyo ndinamuimira pamzere mpaka miyendo kutupa.

— Anavina naye botolo lili pamutu. Inenso sindinakhale chabe, ndawapalira nshawa munda wonse. Ba ankolo mpaka anandibwereka njinga kuti ndifike pa foni pano.

— Ba ndani?

— Ba ankolo. Amuna awo. Halo?

— Ba ankolo anamwalira ndili mu Fomu Wani.

— Aa, iyayi. Dzulo tadya mbale imodzi.

— Ba Bona, ba anti amene mukunenawo ndi ooneka bwanji?

— Onenepa bwino, oseka kwambiri. Sindinawayang'anitsitse, ndi apongozi. Amalankhula ali kuseri kwa nkhokwe, ine ndayang'ana pansi.

— Ba anti Juliana ndi oonda ngati bango! Nyumba ili mbali iti?

— Ya malata, pali mango. Kumanja.

— Kumanja pochokera kuti?

— Lole inandipitiriza pang'ono, ndiye ndinabwerera pansi...

— Mayo ine! Munalowa kwa ba Sunday okonza njinga! Akazi awo ndi ba Mailesi. Ali ndi mwana ku Lusaka, Edness, wa ku fakitale ya nsalu.

— Ndiye chifukwa chake anafunsa ngati makina sakumupweteka msana! Ine ndimati akunena taipi.

— Simunatchule dzina langa?

— Kwa apongozi? Ndingalitchule bwanji? Ndimangoti mwana wanu. Iwonso amangoti mnzanu uja.

— Ndipo sanakufunseni kuti ndinu ndani?

— Mlendo safunsidwa akali ndi fumbi kumapazi. Dikirani, foni ikulira, ndiponyemo ndalama ina... Halo? Mulipo?

— Ndilipo, koma bwana akundiyang'ana. Saladi wanga, ba Bona!

— Saladi ndi nkhani yaing'ono. Atuma mawu ku Shikabeta. Mawa kubwera amalume ake a Edness kudzamva mawu anga.

— Mawu anu! Mukwatire bwino, ba tichala. Mudzandiitane kudzaphika.

— Musaseke, ine thukuta lili kamukamu. Nditani manje?

— Mubweze njinga ya eni. Mugwade, munene zonse. Za katundu musatchule, mwadya tambala wawo. Vuto ndi ba anti. Adikira sabata yonse kutsidya kwa msewu, ndipo munthu wosasunga mawu samufuna ndi kumuona komwe.

— Kutsidya... Amavala korona m'khosi? Duku ya buluu?

— Ndi amenewo! Mwawaona?

— Amabwera tsiku lililonse kudzaona mkamwini wa anzawo. Dzulo anandibweretsera chibwantu chakumwa kumunda. Ine ndinawakonzera chitseko cha khola la mbuzi.

— Ambuye! Anati chiyani?

— Anadandaula. Akuti mwana wawo wa ku Lusaka anawalonjeza mlendo, iwo anasesa, anagula ndi palafini, koma chimunthucho sichinaoneke. Akuti ndi kamberembere wa m'tauni.

— Inu munayankha bwanji?

— Ndinavomereza. Ndinati anyamata a masiku ano ndi otero.

— Ba Bonaventure!

— Dikirani, sanathere pomwepo. Anandiyang'ana khasu lili m'manja, nkuti, Josephine wanga akanapeza ngati uyu, ndikanamupereka lero lomwe, olo opanda mbuzi.

— Anatero? Pamaso pa anthu?

— Ba Mailesi analipo, ndi azimayi a ku tchalitchi.

— Ndiye mukuimiranji pa foni? Thamangani asanasinthe maganizo!

— Ndapita! Koma tambala wachiwiri ndikamudya bwanji, mimba ili... Halo? Jose? Halo?